Ufa wa phala, chammwamba ndi mabotolo a zitsamba: maganizo anga pa sitolo ina ya ku Zomba

Chakufupi ndi msika waukulu wa Zomba kuli sitolo yaing'ono yogulitsa zakudya zimene masiku ano zikutchedwa zachilengedwe: ufa wa phala la ana, nsinjiro, chiponde, mfutso, ufa wa chammwamba, ufa wa malambe, bwemba, chidede, uchi, komanso mabotolo a mankhwala azitsamba. Dzina la sitoloyi sindilitchula, chifukwa zina mwa zimene ndilembe pano ndi zodzudzula, ndiponso chifukwa masitolo amtundu umenewu achuluka mumzinda muno, moti zimene ndaona pamenepa zingathandize munthu wogula ku Chinamwali, ku Matawale, ku Mpondabwino kapena kwina kulikonse. Ndimagula pasitoloyi chifukwa pakhomo panga pali ana aang'ono ndi mayi anga amene ndi okalamba, ndipo maganizo anga ndi akuti mbali ya zakudya ndi yoyenera ndalama zimene munthu amalipira, pamene mbali ya mankhwala ikufunika kukonzedwa msanga isanavulaze munthu.

Ufa wa phala ndi umene umakopa ogula ambiri, ndipo ndi umene unandichititsa kuti ndizolowere malowa. Mayi amene amayendetsa sitoloyi amasakaniza chimanga chosakonola ndi soya wokazinga, magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya, monga mmene umakhalira ufa wa Likuni Phala umene ambiri tinaudziwira kusikelo ndi kusukulu, ndipo wofuna amamuwonjezera mtedza kapena mawere. Kugwiritsa ntchito chimanga chosakonola n'kofunika kwambiri, chifukwa pokonola ndi kuviika mphale kuti tipeze ufa woyera timataya gaga ndi kamtima ka njere, mmene muli mafuta ndi mavitamini ambiri, n'kutsala ndi chakudya chokhutitsa basi. Koma chimene chimasiyanitsa ufa wa pasitoloyi ndi wina wogulitsidwa m'timajumbo pamsika ndi kakazingidwe ka soya. Soya wosapsa bwino amanunkha chiwisi, amatupitsa m'mimba, ndipo amakhala ndi zinthu zina zimene zimalepheretsa thupi kugaya chakudya chomanga thupi chimene chili mu soya yemweyo. Zinthu zimenezo zimatha ndi moto. Ndaonapo soya wawo akukazingidwa kuseri kwa sitolo, m'chiwaya chachikulu pamoto wamakala wosalilima, mnyamata akutakasa ndi mthiko osapumira mpaka njere zitafiirira ndi kuyamba kuthetheka, kenako n'kuziyala pamphasa kuti zizizire zisanapetedwe ndi kupita kuchigayo. Ufa wake umatuluka wofiirira pang'ono, wosalala, wafungo lokoma, ndipo phala lake likabwata mokwanira silisiya kakhambi kukhosi. Mwana wanga wamng'ono, amene amalavula phala la ufa woyera, la ufa uwu amamaliza mbale.

Nkhani ya phala si yaing'ono m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'nthawi imeneyi kamimba ka mwana ndi kakang'ono, choncho phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi mchere limamudzaza popanda kumupatsa zokulitsa thupi ndi ubongo. Mayi wa pasitoloyi amaidziwa nkhani imeneyi, ndipo aliyense wogula ufa amamuuza kuti phala likhale lolimbirako, losayenderera msanga pasupuni. Tsiku lina ndinawamva akubweza mayi wachitsikana amene ankafuna ufa wa mwana wa miyezi inayi. Anamutchula mwaulemu kuti achemwali, n'kumufotokozera kuti mwanayo akufunika bere lokha, osampatsa ngakhale madzi, mpaka atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuti akadzayamba phala apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Wamalonda amene akulolera kutaya ndalama kuti anene zoona ine ndimamulemekeza, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ndimabwererabe pamalopa.

Komabe ufa umenewu paokha sukwaniritsa zonse, ndipo ndikanakonda pepala limene amamata pajumbo likananena zimenezi. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, amene ndi zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo ufawu uli ndi magulu awiri okha, zokhutitsa ndi zanyemba. Otsalawo ayenera kuchokera kukhitchini kwanu. Ife a ku Zomba tilibe chifukwa chosowera zowonjezera: dzira limodzi lophwanyira m'phala likali pamoto, matemba a ku Chilwa okazinga ndi kusinja bwino, supuni ya mafuta ophikira, nthochi, papaya, peyala lakupsa, kapena mbatata yofiira mkati ya mitundu monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, imene ili ndi vitamini A wochuluka. Matemba osinja pamodzi ndi mitu ndi minga yake amapatsa mwana kashiamu wolimbitsa mafupa, ndipo pang'ono pokha pamakwanira mbale ya mwana.

Pa nsinjiro ndi chiponde m'pamene ndaona chisamaliro chimene sindinachione kwina. Vuto lalikulu la mtedza ndi chuku, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu satha ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zoyambitsa khansa ya chiwindi. Amachuluka mu mtedza umene sunaume bwino, umene unawazidwa madzi kuti usavute kuswa, ndiponso mu njere zosweka, zofota ndi zobooledwa ndi tizilombo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtedza wotsalira posankha, umene palibe angaugule ataona ndi maso, ndi umene kawirikawiri umasinjidwa n'kugulitsidwa ngati nsinjiro, popeza ufa suonetsa chimene chinalowamo, ndipo nsinjiro zimenezo ndi zimene zimathera m'phala la ana. Pasitoloyi mtedza umasankhidwa poyera, pakhonde, mtsikana atakhala ndi lichero pamiyendo ndi kambale kotayiramo njere zakuda ndi zofota, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha mtedza wathunthu, kuuona ndi kuulawa, kenako n'kuuperesa iye akudikira. Ine ndimachita zimenezo nthawi zonse, ngakhale kuti zimadya nthawi. Chiponde chawo n'chopanda shuga ndi mafuta owonjezera, mafuta ake enieni amayandama pamwamba ndipo amafunika kutakasa musanapake pabuledi kapena kuthira m'phala.

Kusankha ndi maso kumachepetsa poizoni ameneyu koma sikumumaliza, chifukwa njere yooneka bwino ikhoza kukhala nayenso, ndipo chimene chimatsimikiza ndi kuyeza ku labotale kokha. Apa m'pamene pali chofooka choyamba cha sitoloyi: katundu wawo alibe chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene ntchito yake ndi kuona ngati zinthu zogulitsidwa zikufika pamlingo woyenera. Ndikudziwa kuti kwa wamalonda wamng'ono njira yopezera chizindikirocho imafuna ndalama ndi kuleza mtima, koma sitolo imene chakudya chake chachikulu n'cha makanda iyenera kuyamba ulendo umenewo.

Mfutso wawo ndi wa nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe ndi denje, ndipo ndi woyera, wopanda mchenga, wosungidwa m'zidebe zotseka. Umathandiza kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene masamba amadula pamsika. Ufa wa chammwamba ndi wobiriwira kwambiri, chizindikiro chakuti masamba anaumitsidwa pamthunzi. Wotuwa kapena wofiirira amakhala kuti anaumitsidwa padzuwa kapena wakhalitsa, ndipo vitamini A wake amakhala atachepa. Masamba a chammwamba alidi ndi ayironi, kashiamu ndi vitamini A, ndipo supuni imodzi yothira m'phala kapena m'ndiwo zitatsala pang'ono kuphulidwa ndi yopindulitsa. Chimene sindigwirizana nacho ndi chikwangwani chapakhoma chimene chimatcha mtengowu wochiza matenda onse. Chammwamba ndi ndiwo zamasamba zabwino, ndipo munthu amadya supuni imodzi kapena ziwiri patsiku, zimene sizingalowe m'malo mwa mbale ya masamba, nyemba ndi nsomba. Amayi oyembekezera adye masamba okha, asayerekeze kumwa mizu kapena makungwa ake. Ndinenenso mongodutsa kuti aliyense amene ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba angathe kudzala mtengowu, makamaka kumadera otentherapo a kumunsi cha ku Jali ndi ku Chilwa, ndipo sangafunikenso kugula ufa wake.

Ufa wa malambe ndi wabwino, wosefedwa bwino, ndipo uli ndi vitamini C wambiri, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, nandolo ndi masamba. N'chifukwa chake pakhomo panga timamwa madzi a malambe kapena a bwemba pa chakudya chamasana m'malo mwa tiyi, popeza tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi, zimene si zabwino kwa ana ndi amayi amene magazi awo amachepa kawirikawiri. Ufawu usungunulidwe m'madzi ozizira kapena ofunda, osawiritsa, chifukwa vitamini C amawonongeka ndi moto. Koma chakumwa cha malambe chokonzeratu chimene amagulitsa m'mabotolo sindichigula. Shuga amachulukamo mopitirira, ndipo mabotolo ake ndi akale a madzi ndi zakumwa zina, otoleredwa ndi kutsukidwa. Mayi wa sitolo ananditsimikizira kuti amagwiritsa ntchito madzi owiritsa, ndipo sindikuwakayikira, koma tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inayambira ku Machinga, boma loyandikana nafe, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuchokera nthawi imeneyo chakumwa cha ana ndimakonza ndekha kunyumba ndi madzi owiritsa kapena othira Waterguard. Chidede chawo n'chouma bwino ndipo chimatulutsa chakumwa chofiira chowawasa chimene ana amachikonda.

Uchi wawo ndi weniweni, wafungo la maluwa akutchire, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi umalimba m'botolo, zimene ena amaganiza kuti n'chizindikiro cha shuga wosungunula pamene ndi khalidwe la uchi wabwino. Kuika botolo m'madzi ofunda kumaubwezera mwakale. Chosowa pabotolo ndi chenjezo lakuti uchi saupatsa mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato ndipo timafooketsa thupi lonse. Kwa mwana wopitirira chaka, uchi pang'ono ndi madzi ofunda a mandimu umafewetsa chifuwa cha chimfine, koma mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, ameneyo akhoza kukhala ndi chibayo ndipo malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano ndifike pa shelefu imene imandisowetsa mtendere. Kumanja kwa kauntala kuli mabotolo a madzi akuda ndi timapaketi ta ufa wa mizu, zimene sitoloyi sikonza yokha koma amabweretsa anthu ena odzagulitsitsa. Pamapepala ake palembedwa kuti amachiza matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, zilonda zam'mimba, malungo, kusabereka, ndiponso kuti amachapa magazi. Palibe pamene palembedwa zitsamba zimene zili mkatimo, mlingo wa mwana kapena wa wamkulu, tsiku limene anakonzedwa, ngakhale dzina ndi malo a wokonza. Ine sindinyoza zitsamba. Mankhwala a malungo a LA, amene zipatala zathu zinayamba kupereka mu 2007 m'malo mwa Fansidar, gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Kusiyana kwake n'kwakuti mphamvu ya m'chitsambacho inapatulidwa, kuyezedwa ndi kuyesedwa, moti dokotala amadziwa kuti mwana wolemera makilogalamu akutiakuti amwe mapiritsi angati, pamene botolo la pashelefu ija palibe amene akudziwa ngati lero lili ndi mphamvu yofanana ndi la mwezi watha. Malungo angathe kupha mwana m'masiku ochepa kwambiri, ndipo kuyezetsa kwake ndi kadontho ka magazi a pachala, kwaulere m'zipatala za boma. Kholo limene lataya masiku awiri likumwetsa mwana madzi a m'botolo limafika kuchipatala mwana atayamba kukomoka kapena magazi atatha.

Chimene chinandikwiyitsa chinachitikira mayi anga. Iwo amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, ndipo atapita okha kukagula ufa, mnyamata wina wothandiza pakauntala anawauza kuti akamaliza mabotolo awiri a mankhwala ochapa magazi angathe kusiya mapiritsi a kuchipatala. Anabwera kunyumba akusangalala, chifukwa palibe munthu amene amakonda kumwa mapiritsi moyo wake wonse. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndi matenda amene munthu amakhala nawo n'kumawaongolera ndi mankhwala, kuchepetsa mchere ndi shuga, kuyenda ndi kudya masamba ambiri, ndipo wosiya mankhwala chifukwa akumva bwino m'thupi amadziika pangozi ya kufa ziwalo, kuwonongeka kwa impso kapena kwa maso. N'chimodzimodzinso ndi ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu. Ndinapita kukalankhula ndi mayi wa sitolo, ndipo anapepesa ndi mtima wonse, n'kumudzudzula mnyamatayo ine ndili pomwepo. Koma mabotolowo akadalipo, mapepala ake sanasinthe, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti phindu lake ndi lalikulu kuposa la ufa. M'dziko muno muli bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority loyang'anira mankhwala, ndipo chinthu chilichonse chonena kuti chimachiza matenda chiyenera kudutsa m'manja mwa akatswiri otere chisanafike pashelefu. Pempho langa kwa mayiwa n'lakuti achotse mabotolowo, chifukwa mbiri yabwino imene apanga ndi phala ndi imene ikuchititsa anthu kukhulupirira mabotolo amene iwo eni sakudziwa za mkati mwake.

Pashelefu yomweyo pali mchere wamibulu umene akuutcha wachilengedwe, wopanda chizindikiro chakuti muli ayodini. Umenewunso sindigula. Ayodini amateteza ku chithokomiro ndipo ndi wofunika pa kakulidwe ka ubongo wa mwana kuyambira ali m'mimba, n'chifukwa chake boma linalamula kuti mchere wogulitsidwa ukhale naye, monganso shuga ndi mafuta ophikira a m'mafakitale amathiridwa vitamini A. Maganizo akuti chilichonse chodutsa kufakitale kapena kuchipatala n'choipa akufala pakati pa anthu ophunzira amene, ndipo akhoza kubweza m'mbuyo zinthu zimene zinatitengera zaka kuti tizipeze. Ufa wa phala wa pasitoloyi, ngakhale ndi wabwino chotere, ulibe mavitamini owonjezera amene amathiridwa mu ufa wa m'mafakitale, choncho mwana wodya phalali apitirizebe kupita kusikelo kukayezedwa, kukalandira katemera, vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Kunena za mitengo, ufa wa phala ndi wokwererapo poyerekeza ndi wa m'timajumbo ta pamsika, koma ndi wotsikirapo poyerekeza ndi phala la ana la m'mabokosi lochokera kunja, limene kuyambira pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabanja ambiri sakulikwanitsa. Sikelo yawo ili poonekera, wogula amaona yekha muyeso, ndipo sanyinyirika munthu akafuna theka la kilogalamu kapena kucheperapo. Amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Malo ndi opanikiza, anthu anayi akalowa wachisanu amadikira panja, ndipo kumapeto kwa mwezi ufa wa phala umatha msanga, moti ndi bwino kupita m'mawa. Sitoloyi ndi yothandiza makamaka kwa anthu apantchito, monga a kuyunivesite, a m'maofesi a boma ndi aphunzitsi, amene alibe nthawi yosankha ndi kukazinga soya. Amene ali ndi nthawi angapulumutse ndalama pogula soya, chimanga ndi mtedza pa tsiku la msika ku Thondwe kapena ku Songani n'kukonza okha, ndipo mayi wa sitoloyi sabisa kakonzedwe kake. Aliyense wofunsa amamufotokozera miyeso ndi kakazingidwe.

Majumbo awo salembedwa tsiku limene ufa unagayidwa, ndipo kuno ku Zomba zimenezi n'zofunika kuposa madera ambiri, chifukwa m'munsi mwa phiri muno mvula imagwa yambiri ndipo chinyezi chimalowa m'nyumba kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ufa wokhala ndi soya ndi mtedza uli ndi mafuta, choncho suchedwa kusasa, kuumbika timibulu kapena kugwidwa ndi chuku. Ine ndimafunsa tsiku limene unagayidwa, ndimagula wokwanira milungu iwiri kapena itatu yokha, ndipo ndikafika kunyumba ndimaukhuthulira m'chidebe chouma chotseka bwino n'kuchiika pamwamba, kutali ndi khoma ndi simenti yapansi. Ufa umene wasintha fungo kapena wayamba kuwawa suyenera kuphikidwira mwana, ngakhale utatsala wochuluka bwanji.